Richard Bright ndi Supuni ya Mkodzo

Kwa zaka pafupifupi 100, madotolo a ku Ulaya ndi ku Amereka akafuna kunena kuti munthu wadwala impso ankangotchula dzina la munthu mnzawo: ankati wagwidwa ndi matenda a Bright. Dzinali linkalembedwa pa zikalata za imfa ndi m'manyuzipepala, ndipo anthu wamba ankaliopa monga momwe ife timaopera dzina la khansa. Mwini dzinalo, Richard Bright, anali dotolo wa pa chipatala cha Guy's mu mzinda wa London. Maphunziro anga ndi a zilankhulo ndi zolembalemba, si a zachipatala ayi, koma ndasankha kulemba za moyo wa munthuyu chifukwa ntchito yake yaikulu ikufanana ndi zomwe timaphunzira m'chaka choyamba, zolumikiza chizindikiro ndi tanthauzo lake. Impso sizioneka, sizigunda ngati mtima kuti dotolo azimvetsere, ndipo zimatha kuonongeka kwa zaka zambiri mwini wake osamva kupweteka kulikonse. Bright ndiye anasonyeza, ndi umboni wovuta kuutsutsa, kuti kuonongeka kwa impso kungathe kuwerengedwa mu mkodzo ndi m'magazi munthu akadali moyo.

Iye anabadwa pa 28 Sepitembala 1789 mu mzinda wa Bristol, kumadzulo kwa dziko la Mangalande. Anali mwana wamwamuna wachitatu wa mpondamatiki wina, yemwenso dzina lake linali Richard, mwini banki komanso wamalonda a pa nyanja. Mabuku ambiri a mbiri ya zachipatala amangoti banjali linali lopeza bwino n'kupitirira, koma ine ndikuona kuti n'kofunika kunena komwe chumacho chinachokera. Bristol linali doko lomwe linakula ndi malonda a shuga ndi akapolo, ndipo a kwa Bright anali ndi minda pa chilumba cha Jamaica yomwe inkalimidwa ndi akapolo ochokera kuno ku Africa pamodzi ndi ana awo. Sindikufuna kumusenzetsa mwana milandu ya makolo ake. Komabe ufulu womwe anali nawo wophunzira zaka zambiri osadera nkhawa za chakudya, woyendayenda m'maiko, ndi wosindikiza mabuku okwera mtengo, unachokera ku thukuta la anthu omwe maina awo sanamatidwe pa chinthu chilichonse.

Mu 1808 anapita ku yunivesite ya Edinburgh ku Scotland. Poyamba anatenga maphunziro a filosofi, zachuma ndi masamu, ndipo za udotolo anaziyamba chaka chotsatira. Akadali wophunzira, mu 1810, anatsagana ndi Sir George Mackenzie pa ulendo wokafufuza za chilumba cha Iceland, pamodzi ndi mnzake Henry Holland. M'buku lofotokoza za ulendowo, Bright ndiye analemba za zomera ndi zinyama, ndipo anajambulanso zina mwa zithunzi zake. Luso lojambulali tilisunge m'mutu, chifukwa lidzabweranso kutsogoloku. Atabwerako anaphunzira kwa kanthawi pa chipatala cha Guy's, kenako anabwerera ku Edinburgh kukalandira digiri yake ya udotolo atalemba za matenda ena a pakhungu opatsirana.

M'malo moyamba ntchito nthawi yomweyo, anayambanso ulendo. Mu 1814 anali ku Vienna pa nthawi yomwe mafumu ndi nduna za maiko a ku Ulaya anasonkhana kumeneko kugawana malire Napoleon atagonja, ndipo chaka chotsatira anayendera dziko la Hungary. Buku lake la ulendowu, Travels from Vienna through Lower Hungary, linatuluka mu 1818. Lili ndi nkhani za ulimi, za malamulo, za moyo wa alimi osauka ndi za nyanja ya Balaton, komanso zithunzi zojambula yekha. Chomwe chimandikoka ine kwambiri chili kumapeto kwa bukulo. Kumeneko kuli mndandanda wa mawu a chilankhulo cha anthu a mtundu wa Roma, omwe anthu a ku Ulaya ankawanyoza ndi kuwapirikitsa kulikonse, ndipo mawu olankhulidwa ku Mangalande, ku Spain ndi ku Hungary anaikidwa moyandikana kuti woŵerenga aone yekha kufanana kwake. Aliyense yemwe anayerekezapo mawu a Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao pofuna kuona ubale wa zilankhulozi aizindikira njira imeneyi. Liwu limodzi lofanana silitsimikiza kanthu, likhoza kukhala langozi kapena lobwereka. Koma mawu ambiri akamafanana m'njira imodzimodzi, mobwerezabwereza, pamenepo pali ubale. Ndikukhulupirira kuti ndi mtima womwewu womwe Bright anapita nawo kuchipatala. Pobwerera kwawo mu 1815 anadzera ku Brussels, patangopita masabata ochepa nkhondo ya Waterloo itachitika, ndipo anayendera zipatala zomwe zinadzaza ndi asilikali ovulala.

Ku London anayamba wagwira ntchito pa chipatala cha matenda otentha thupi opatsirana, komwe nayenso anatenga matendawo mpaka kutsala pang'ono kufa. Mu 1820 analembedwa ngati dotolo wothandizira pa Guy's, ndipo mu 1824 anakwezedwa kukhala dotolo wamkulu. Pakati pa zaka ziwirizi panagwa zovuta. Mkazi wake woyamba, Martha, mwana wa dotolo wotchuka William Babington, anamwalira mu 1823 atangobereka mwana wawo woyamba. Bright anadzakwatiranso Eliza Follett patapita zaka zingapo. Chipatala cha Guy's chinali kum'mwera kwa mtsinje wa Thames, pafupi ndi madoko, ndipo odwala ake ambiri anali amalinyero, onyamula katundu, ochapa zovala ndi antchito a m'nyumba. Pa nthawi yomweyo panalinso Thomas Addison ndi Thomas Hodgkin, omwenso maina awo anadzamatidwa pa matenda ena. M'mawodi a chipatalachi munali anthu ambiri otupa.

Kutupa kwa thupi chifukwa cha madzi ndi matenda akale kwambiri. M'Chichewa tili ndi liwu loti mbulu, lomwe ambiri a msinkhu wanga amangolipeza m'Baibulo, m'buku la Luka. Miyendo imatupa, mimba imakula, nkhope imafufuma makamaka m'mawa, ndipo ukadina khungu ndi chala pamatsala kadzenje. Madotolo ambiri a nthawi ya Bright ankatenga mbulu ngati matenda amodzi paokha. Vuto ndi loti kutupa kuli ngati liwu loti mtengo. Pa pepala limaoneka chimodzimodzi, kaya tikunena mtengo wa m'nkhalango kapena mtengo wa katundu pa msika, ndipo timasiyanitsa awiriwa ndi kakwezedwe ka liwu polankhula. Chimodzimodzinso munthu akhoza kutupa chifukwa mtima wafooka, kapena chiwindi chauma, kapena impso zaonongeka, kapenanso chifukwa chosowa zakudya m'thupi, koma m'maso mwa woona onse ndi otupa basi. Chomwe chinkasowa ndi kanthu kakang'ono kosiyanitsa kutupa kwa impso ndi kutupa kwinako.

Kuti timvetse chomwe Bright anapeza, tiyenera kuona kaye momwe impso zimagwirira ntchito, ngakhale kuti zambiri mwa izi zinadziwika iye atamwalira kale. Impso iliyonse ili ndi timasefa ting'onoting'ono pafupifupi miliyoni imodzi. Pa tsiku timasefati timatulutsa m'magazi madzi okwana malita pafupifupi 180, koma ochuluka zedi amabwezedwanso m'thupi, ndipo omwe amatuluka ngati mkodzo ndi lita imodzi ndi theka kapena kupitirirapo pang'ono. Sefa yabwino imagwira ntchito ziwiri: imalola zonyansa kudutsa ndipo imatsekereza zofunika. Chimodzi mwa zofunikazo ndi puloteni yotchedwa albumin, yomwe imathandiza kuti madzi akhale m'mitsempha ya magazi. Sefa ikabooka, albumin amatayikira mu mkodzo, m'magazi amachepa, ndipo madzi amathawira m'minofu, munthu n'kutupa. Sefa ikatsekeka, zonyansa monga urea zimalephera kutuluka ndipo zimaunjikana m'magazi. Choncho impso yodwala imasiya zizindikiro ziwiri zotsutsana: mu mkodzo mumapezeka chomwe chimayenera kukhala m'magazi, ndipo m'magazi mumachuluka chomwe chimayenera kukhala mu mkodzo.

Chida cha Bright choonera chizindikiro choyambacho chinali supuni ndi kandulo. Ankathira mkodzo wa wodwala mu supuni n'kuutenthetsa pa lawi. Mkodzo wa munthu wabwinobwino umangowira osasintha. Koma mkodzo wokhala ndi albumin umachita mbuu, kenako umagwirana ngati chambiko, monga momwe choyera cha dzira chimaumira chikagwera m'chiwaya chamoto. Ngakhale dzina loti albumin linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuyera, lomwenso linkatchulira choyera cha dzira.

Si iye anayamba kuona zimenezi. Frederik Dekkers wa ku Holland anali atalembapo za mkodzo wogwirana pa moto kumapeto kwa zaka za m'ma 1600. Domenico Cotugno wa ku Naples anaziona kwa msilikali wina wotupa m'zaka za m'ma 1760. Ku Mangalande komweko William Charles Wells ndi John Blackall analemba za mkodzo wotere mwa anthu a mbulu Bright akadali wophunzira, ndipo anaonapo impso zolimba modabwitsa mwa ena omwe anamwalira. Nanga n'chifukwa chiyani dzina lomwe linatsala ndi la Bright? Yankho lomwe ndikulipeza ndi loti anzakewo anaona liwu limodzi kapena awiri ofanana, pamene iye anasonkhanitsa mndandanda. Ankayeza mkodzo wa wodwala wotupa aliyense, n'kulemba tsiku ndi tsiku momwe wodwalayo akupezera. Wodwalayo akamwalira, Bright ankapita ku chipinda chopimira mitembo kukaona ziwalo zonse ndi maso ake. Mobwerezabwereza anapeza kuti yemwe mkodzo wake unkagwirana mu supuni anali ndi impso zoonongeka, pamene otupa chifukwa cha chiwindi kawirikawiri mkodzo wawo sunkagwirana ndipo impso zawo zinali bwino. Zinthu zitatu zomwe zinkaoneka ngati zosakhudzana, kutupa, mkodzo wogwirana ndi impso zoonongeka, zinakhala chinthu chimodzi.

Wodwala woyamba m'buku lake anali mmalinyero wa zaka 34, wokonda mowa, yemwe anagonekedwa pa Guy's mu 1825 atatupa thupi lonse ndipo akukodza pang'ono. Atamwalira, impso zake zinapezeka zolimba ndi zokhakhala kunja kwake. Enanso oposa 20 anatsatira, amuna ndi akazi, ena impso zawo zili zazikulu, zofewa ndi zotuwa, ena zili zamathothomathotho, ena zitafota ndi kulimba. Bukulo, Reports of Medical Cases, linatuluka mu 1827, Bright ali ndi zaka 38. Linali ndi zithunzi za impso zopakidwa utoto pamanja, zojambulidwa ndi akatswiri iye akuyang'anira, moti dotolo wa kutali akanatha kuyerekeza chithunzi ndi impso yomwe ili patsogolo pake. Apa ndi pomwe diso la wojambula zomera za ku Iceland linapindulira. Kwa ine wophunzira zolembalemba, kalembedwe ka nkhani za odwalawa kali ndi chake chochititsa chidwi. Iliyonse imayamba ndi dzina, zaka ndi ntchito ya munthu, imayenda tsiku ndi tsiku ngati dayale, ndipo zambiri zimathera pa tebulo lopimira mtembo. Wolemba sadzionetsera, ndipo samaliza ndi chiphunzitso. Anthu osauka a m'madoko a London, omwe sakanalowa m'buku lina lililonse, analowa m'mbiri kudzera m'njira yowawayi.

Chizindikiro chachiwiri, cha m'magazi, Bright sakanachipeza yekha chifukwa sanali katswiri wa kemisitiri. Ankatumiza mkodzo ndi magazi a odwala ake kwa John Bostock, ndipo makalata a Bostock ofotokoza zomwe wapeza anawaika m'buku lomwelo. Bostock anaona kuti mkodzo wa odwalawa unali wopepuka, wokhala ndi urea wochepa, kuti magazi awo anali ndi albumin wochepa, ndiponso kuti m'magazimo munali kanthu kofanana ndi urea. Zaka zochepa izi zisanachitike, Jean-Louis Prévost ndi Jean-Baptiste Dumas ku Geneva anali atachotsa impso za zinyama n'kupeza kuti urea akuunjikana m'magazi mwake, zomwe zinasonyeza kuti impso sizipanga urea koma zimangomuchotsa. Mu 1829 Robert Christison wa ku Edinburgh anatsimikiza kuti urea amapezekadi m'magazi a anthu odwala impso. Mpaka lero dotolo akamakayikira impso za munthu, urea amakhala pa mndandanda wa zomwe amapempha ku labotale. Ndimaona kuti dzina la Bostock linayenera kumveka kwambiri kuposa momwe limamvekera.

Mu 1836, m'buku loyamba la malipoti a chipatala cha Guy's, Bright anasindikiza tebulo la anthu 100 omwe anamwalira ali ndi albumin mu mkodzo, ndipo chiwalo chilichonse chinali ndi mzere wake. Tebuloli linaulula chinthu chomwe palibe yemwe ankachifunafuna. Ambiri mwa anthuwa anali ndi mtima wokula, makamaka mbali ya kumanzere yomwe imapopera magazi m'thupi lonse, ngakhale kuti mwa ambiri zitseko za mtimawo zinalibe vuto. Bright anaganiza kuti mwina magazi odetsedwa amautakasa mtima, kapena amasintha timitsempha ting'onoting'ono moti mtima umafunika mphamvu zambiri kuti magazi adutse. Chomwe ankachizungulira osachitchula ndi kuthamanga kwa magazi, komwe panthawiyo kunalibe njira yokuyezera pa wodwala. Lamba womanga pamkono uja anadzapangidwa ndi Scipione Riva-Rocci mu 1896, Bright atagona m'manda zaka 38. Lero tikudziwa kuti msewuwu ndi wa mbali ziwiri: impso zodwala zimakweza BP, ndipo BP yokwera imaononga impso. Pamodzi ndi matenda a shuga, ndiyo imatsogolera pa zifukwa zomwe impso zimalephera.

Mu 1842 akuluakulu a chipatala anamupatsa mawodi awiri, ya amuna ndi ya akazi, mabedi 42 onse pamodzi, kuti kwa miyezi ingapo mugonekedwe odwala impso okhaokha. Pakati pa mawodiwo panali chipinda chokambiranamo ndi labotale yaing'ono, momwe George Owen Rees ndi anzake ankayeza mkodzo ndi magazi. Ambiri amati aka kanali koyamba kuti chipatala chipatule malo, anthu ndi labotale kuti afufuze matenda amodzi. Chaka chomwecho William Bowman, mu London momwemo, anafotokoza kapangidwe ka timasefa ta mu impso monga momwe amaonekera pa maikulosikopu.

Funso lomwe silindichoka ndi loti: kodi wodwala anapindulanji? Kunena zoona, pa nthawiyo anapindula zochepa. Mankhwala a Bright anali a m'nthawi yake: kukhetsa magazi, kulumika pamsana, mankhwala otsegula m'mimba ndi otulutsa thukuta, kugona pabedi ndi kuvala zofunda. Zina mwa izi ziyenera kuti zinafooketsa anthu omwe magazi awo anali ochepa kale. Iye mwini sanabise kuti matendawa akakhazikika sankatha kuwachiza. Makina osefa magazi anadzayamba ndi Willem Kolff ku Holland mu 1943, ndipo wodwala woyamba kupulumuka nawo anapulumuka mu 1945. Kuika impso ya munthu wina mwa wodwala kunatheka koyamba ku Boston mu 1954. Choncho kwa zaka zoposa 100 supuni ija inkangouza dotolo kuti munthuyu ali pa ngozi yotani, osamupatsa njira yomuchotseramo. Ena anganene kuti kudziwa kotere n'kopanda phindu. Ine sindikuvomereza, chifukwa palibe yemwe akanaganiza zopanga makina ochotsa urea m'magazi asanadziwe kuti m'magazimo mwadzaza zonyansa ndiponso kuti olephera ntchito ndi impso. Koma n'zoonanso kuti omwe analipira mtengo wa chidziwitsochi sanalawe zipatso zake.

Kutchuka kunabwera. Mu 1837 anasankhidwa kukhala mmodzi mwa madotolo a Mfumukazi Victoria. Analembanso zambiri za matenda a ubongo, a chiwindi ndi zotupa za m'mimba, ndipo mu 1839 iye ndi Addison anatulutsa buku lophunzitsira madotolo. Cha m'ma 1843 anasiya ntchito pa Guy's n'kuyamba kuona odwala olemera kunyumba kwake ku Savile Row, akumapezanso mpata woyenda ndi kujambula monga ankachitira ali mnyamata. Mmodzi mwa ana ake, James Franck Bright, anadzakhala katswiri wa mbiri yakale ku Oxford. Richard Bright anamwalira pa 16 Disembala 1858 ali ndi zaka 69. Mtembo wake unapimidwa monga momwe iye ankapimira ya anthu ena. Chitseko chachikulu cha mtima wake, chomwe magazi amatulukira popita m'thupi, chinapezeka chitapanikizika kwambiri, koma impso zake zinali zabwinobwino. Anaikidwa ku manda a Kensal Green.

Dzina loti matenda a Bright linatha pang'onopang'ono, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa kwa wophunzira chilankhulo. Zina mwa impso zomwe anazifotokoza zinasungidwa m'mabotolo pa Guy's. Mu 1972 akatswiri awiri anadulako tizidutswa ta impso zitatu n'kutiunika ndi njira zatsopano, ndipo anapeza kuti sizinaonongeke ndi matenda amodzi: ziwiri zinali ndi kutupa kwa timasefa, pamene yachitatu inali ndi matenda ena otchedwa amyloid. Dzina lomwe linabwera kudzagawa liwu loti mbulu m'matanthauzo ake linapezeka kuti nalonso likuphimba matanthauzo angapo, ndipo linagawidwanso.

Zizindikiro nazo zinachuluka. Urea ali ndi vuto loti amakwera ngakhale impso zili bwino, munthu akadya nyama yambiri, akataya madzi m'thupi kapena akamatuluka magazi m'mimba. Choncho madotolo anayamba kudalira kwambiri creatinine, chonyansa china chomwe minofu imatulutsa pa mlingo wosasinthasintha tsiku lililonse. Mu 1886 Max Jaffe wa ku Königsberg anapeza kuti creatinine amasanduka wofiirira akasakanizidwa ndi picric acid, ndipo Otto Folin ku Amereka anasandutsa zimenezi kukhala njira yomuyezera mu 1904. Malabotale ambiri akugwiritsabe ntchito njira ya Jaffe. Mu 1926 Poul Brandt Rehberg wa ku Denmark anagwiritsa ntchito creatinine poyeza kuchuluka kwa madzi omwe impso zimasefa pa mphindi imodzi, mlingo womwe umatchedwa GFR. Mwa wachinyamata wathanzi umakhala mamililita oposa 90 pa mphindi. Ukakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, munthu amatengedwa kuti ali ndi matenda a impso okhalitsa, ndipo ukatsika pansi pa 15 ndiye kuti impso zalephera. Popeza kuyeza GFR mwachindunji n'kovuta komanso kodula, madotolo amangoyerekeza pogwiritsa ntchito masamu omwe amaphatikiza creatinine wa m'magazi, zaka za munthu ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Masamu otchuka ndi a Cockcroft ndi Gault a mu 1976, a MDRD a mu 1999 ndi a CKD-EPI a mu 2009.

Nayenso creatinine ali ndi matanthauzo oposa limodzi. Amachedwa kukwera, moti impso zikhoza kutaya pafupifupi theka la mphamvu zake nambala ikuonekabe ngati yabwino. Komanso amadalira kukula kwa minofu: nambala yomwe mwa mnyamata wonyamula zitsulo siitanthauza kanthu, mwa gogo woonda ikhoza kutanthauza impso zodwala kwambiri. Masamu a 1999 ndi 2009 aja anali ndi nambala yapadera yochulukitsira ngati wodwala ndi wakuda, yomwe inkapangitsa impso za anthu akuda kuoneka zamphamvu kuposa za azungu okhala ndi creatinine wofanana. Nambalayi inachotsedwa ku Amereka mu 2021 anthu atadandaula kuti imachedwetsa chithandizo. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku yemwe anachitika ku Malawi, Uganda ndi South Africa, momwe anthu oposa 2,000 anayezedwa GFR mwachindunji. Anapeza kuti masamu odalira creatinine amakokomeza mphamvu za impso za anthu a kuno, kutanthauza kuti odwala impso ndi ambiri kuposa omwe manambala amasonyeza. Chizindikiro china, cystatin C, chomwe sichidalira kwambiri minofu, chinapereka mayankho olondolerapo, koma n'chodula. Masamu omwe anaphunzira chilankhulo cha thupi kwa anthu a ku Amereka ndi ku Ulaya amamva molakwika akafika ku Karonga.

Albumin yekha, chizindikiro chakale kwambiri chija, sanachoke pa malo ake. Malangizo a padziko lonse a mu 2012 amati matenda a impso okhalitsa aziyezedwa ndi zinthu ziwiri pamodzi, GFR ndi kuchuluka kwa albumin mu mkodzo, chifukwa mwa anthu ambiri, makamaka a shuga, albumin amayamba kutayika creatinine asanakwere n'komwe. Supuni ndi kandulo zinalowedwa m'malo ndi kakapepala kokhala ndi mankhwala kunsonga, komwe kanayamba kugulitsidwa mu 1957: ukakaviika mu mkodzo wokhala ndi puloteni, kansongako kamasintha kuchoka pa chikasu n'kukhala kobiriwira. Mu 1843, mnzake wa Bright pa Guy's, dotolo wa azimayi John Lever, anayesa njira ya mkodzo ija pa amayi omwe ankakomoka ndi kuphupha pa nthawi yobereka, ndipo anapeza albumin mwa pafupifupi onse. N'chifukwa chake ku sikelo ya amayi oyembekezera, BP ya mayi ikapezeka yokwera, namwino amamupatsa kabotolo kuti akakodzeremo, n'kuviikamo kakapepala kaja, ndipo amadikira mphindi imodzi asanayerekeze mtundu wake ndi mitundu yomwe ili pa chibotolo cha timapepalato.